Time-out ndi yaitali bwanji, ndipo wotchi tiyambe pati?

Mphunzitsi_Chiputula:

Akuluakulu a basketball muno, thandizani. Masewero a masukulu akuyandikira ndipo ambiri amene adzakhale patebulo ndi aphunzitsi ndi ana a Fomu 4, osati anthu ophunzitsidwa kuyimbira. Pa nkhani ya time-out, kanthawi kamene kochi amapempha kuti alankhule ndi osewera ake, aliyense akunena zake. Ena akuti ilipo ya masekondi 30 ndi ina yaitali, ena akuti zonse ndi mphindi imodzi basi. Cholondola ndi chiti? Nanga wotchi ya time-out iyambe kochi akangopempha, belu la patebulo likalira, kapena woyimbira akaimba wezulo? Timu imene yapempha ikamaliza zokambirana zake msanga, masewero angayambirenso pomwepo? Ndipo kochi akamangolankhulabe nthawi itatha, osewera osabwerera m'bwalo, woyimbira achite chiyani kwenikweni? Ndikufuna mayankho oti ndikhoza kuwalemba papepala limodzi n'kupatsa a patebulo.

Wezulo_wa_Luwinga:

Aphunzitsi, kuno timasewera ndi malamulo a FIBA, bungwe la basketball la dziko lonse lapansi, popeza BASMAL, bungwe la basketball la kuno ku Malawi, ndi membala wake, ndiye za masekondi 30 zichotseni m'mutu. Pa masewero a anthu 5 mbali iliyonse, Article 18 imanena kuti time-out iliyonse ndi mphindi imodzi. Palibe yaifupi, palibe yaitali. Ya masekondi 30 imene anthu akuikambayo ndi ya m'masukulu ndi m'makoleji a ku America, komanso ya 3x3, masewero a anthu 3 mbali iliyonse.

Kuchuluka kwake: 2 m'chigawo choyamba, kutanthauza kota yoyamba ndi yachiwiri pamodzi, 3 m'chigawo chachiwiri, ndi imodzi pa nthawi yowonjezera iliyonse. Yosagwiritsidwa ntchito siisungidwa. Timu ikapita kopuma isanatenge ngakhale imodzi, 2 zija zapsa, ndipo chigawo chachiwiri iyamba ndi 3 monga anzawo.

Pa wotchi ndi pamene matebulo ambiri amalakwitsa, ndiye ndifotokoze mwatsatanetsatane. Tinene kuti kochi wapempha mpira uli mkati moseweredwa. Patebulo amva, asunga, sachita kanthu. Kenako pachitika faulo. Woyimbira aimba wezulo woyamba, wa faulo. Wotchi ya masewero iima, koma ya time-out siinayambe. Woyimbira abwera kutsogolo kwa tebulo kudzapereka nambala ya wosewera ndi mtundu wa faulo. Akamaliza m'pamene belu la patebulo lilira, wosunga nthawi n'kusonyeza chizindikiro cha time-out ndi kuloza benchi imene yapempha. Apanso wotchi siinayambe. Woyimbira aimba wezulo wachiwiri n'kupanga T, dzanja limodzi lili chogona pamwamba, chala cholozera cha dzanja linalo chili pansi pake. Wezulo ameneyo ndiye woyambitsa wotchi. Mukayamba pa wezulo wa faulo, matimu awabera masekondi onse amene woyimbira amalankhula ndi tebulo, ndipo kochi amene ali ndi wotchi yake pamkono adzaona.

Chizindikirochi musachisokoneze ndi cha technical, faulo ya khalidwe loipa kapena kuchedwetsa masewero. T ya technical imapangidwa ndi zikhatho zonse ziwiri zotambasula. T ya time-out ili ndi chala chimodzi. Mwana wa patebulo amene sakudziwa kusiyana kumeneku akhoza kulembera kochi faulo imene palibe anaiimba.

Wotchi ikafika masekondi 50, wosunga nthawi aliza belu. Ikafika 60 alizanso. Belu la pa 50 lija si lokongoletsa ayi, ntchito yake ndi kuuza oyimbira kuti asendere kumabenchi ndi kuyamba kutulutsa osewera, kuti pofika 60 anthu akhale akulowa m'bwalo osati akuyamba kumene kusaka botolo la madzi. Mwalamulo time-out imatha woyimbira akaimba wezulo ndi kukodola matimu kuti abwerere. Oyimbira amene amaima pakati pa bwalo kucheza mpaka belu lachiwiri ndi amene amasandutsa mphindi imodzi kukhala mphindi ndi theka, kenako n'kumaloza makochi chala.

Timu yopempha ikamaliza msanga, mphindi ikwanebe. Time-out yalembedwa kwa iwo, koma timu inayo nayonso ili ndi ufulu wogwiritsa ntchito mphindi yonseyo. Akabwerera m'bwalo pa masekondi 25 aime adikire.

Kochi wozengereza ali ndi makwerero ake m'buku la matanthauzo a malamulo la FIBA, ndipo saloleza kudumpha kuchoka pansi kukafika pa technical. Nthawi yatha, mwaimba wezulo, mwakodola, iye akulembabe pa bolodi. Kodolaninso. Akatulutsa osewera, mpatseni chenjezo lomveka bwino kuti zikachitikanso mumudula time-out ina, ndipo mnzanu woyimbira ndi a patebulo adziwe kuti chenjezo laperekedwa. Akakhalabe pabenchi mutakodola kachiwiri, kapena akadzabwereza pambuyo pa chenjezo, timuyo ilembedwe time-out ina. Ngati alibe yotsala, apo ndiye technical ya kochi chifukwa chochedwetsa masewero. Timu inayo iponya free throw imodzi, kuponya kwa pamzere kopanda wotchinga, masewero n'kupitirira pamene anaimira.

Kanthu kakang'ono kothandiza: time-out isanayambe, oyimbira agwirizane kuti mpira ndi wa yani, uyambira pati, ndipo ngati pali ma free throw woponya ndi nambala chani. Mpirawo ausiye pansi pamalo pamene masewero ayambirenso. Mphindi imodzi ndi yokwanira kuti anthu atatu aiwale amene anachitidwa faulo, ndipo makochi ochenjera amatumiza katswiri wawo pamzere m'malo mwa mnyamata amene manja ake amanjenjemera.

NyaTebulo:

Yewo a Wezulo, mwalongosola bwino za m'bwalo. Ine ndikambe za patebulo penipeni, poti anawo adzakhala pamenepo.

Mawotchi akhale awiri, aphunzitsi. Ya masewero payokha, ya time-out payokha. Mabwalo athu ambiri ndi apanja, opanda bolodi yamagetsi, ndiye chimene chimachitika ndi chakuti munthu mmodzi ali ndi foni imodzi, waimitsa nthawi ya masewero pa 4:37, ndipo pofuna kuwerenga mphindi ya time-out wafufuta zonse. Pobwerera palibe akukumbuka ngati panatsala 4:37 kapena 4:57, mkangano wabuka. Ngati mawotchi a m'manja palibe, mafoni akhale awiri, onse atachotsedwa netiweki kuti wina asaimbe pakati pa masewero, ndipo muwatchere kuti sikirini isamazime yokha. Dzuwa la masana limabisa manambala a pafoni, choncho tebulo likhale ndi ambulera kapena mthunzi uliwonse. Wolemba zigoli azilemba m'mphepete mwa kapepala kena nthawi yotsala time-out ikangoyamba.

Belu la patebulo lisamveke ngati wezulo wa woyimbira. Mukapatsa tebulo wezulo, osewera amaima akangomva, ena n'kupitiriza, wina n'kugoletsa anzake ataima. Pezani hutala ya mpweya kapena belu la sukulu lija lamkuwa. Anawo muwauze mobwerezabwereza kuti belu la time-out silipha mpira ndipo siliimitsa wotchi ya masewero. Limangodziwitsa oyimbira. Likalira molakwika mpira uli wamoyo, masewero apitirire, pokhapokha woyimbira ataona kuti timu ina yapwetekeka nalo.

Woliza belu ndani? Mabuku akale ankati wolemba zigoli. Kuyambira malamulo a 2020 ntchito ya ma time-out ndi kusintha osewera inapita kwa wosunga nthawi. Ndiye mukapeza wina akunena kuti ndi wolemba, sakunama, wangoima pa buku lakale. Chofunika ndi chakuti masewero asanayambe awiriwo agwirizane, belu likhale m'manja mwa munthu mmodzi.

Wopempha ndi kochi wamkulu kapena wachiwiri wake woyamba. Kaputeni ayi, wosewera ayi, mwini timu amene wakhala kumbuyo kwa benchi ayi. Apemphe kutebulo, osati kwa woyimbira, mwina pobwera yekha kapena poonana maso ndi a patebulo n'kupanga chizindikiro. Kukuwira patali nkhope ili kwina si kupempha. Wa patebulo agwedeze mutu kapena akweze dzanja kuti kochi adziwe kuti wamveka. Akasintha maganizo akhoza kubweza pempholo bola belu lisanalire. Likalira, yapita.

Khomo la time-out limatseguka katatu. Mpira ukafa, wotchi itaima, woyimbira atamaliza kulankhula ndi tebulo, ndi la matimu onse awiri. Free throw yomaliza ikalowa, ndi la onsenso. Mpira ukagoletsedwa mkati mwa masewero, ndi la timu yokhayo imene yagoletsedwa. Limatsekeka mpira ukafika m'manja mwa woponya kuchokera kunja kapena woponya free throw yoyamba. Lachitatuli ndi lofuna maso akuthwa, chifukwa palibe wezulo. Timu B yapempha, timu A yagoletsa, ndipo wosunga nthawi ayenera kuimitsa wotchi ya masewero yekha ndi kuliza belu nthawi yomweyo, wosewera wa B asanatole mpira kuti auponye. Ukangochedwa ndi mpweya umodzi khomo latsekeka, ndipo kochi adikire mwayi wina. Choncho pempho likalowa, chala chikhale kale pa batani ndipo dzanja lina pa belu nthawi zonse pamene timu inayo ili ndi mpira. Ngati mwaimitsa wotchi pa nthawi yake, belu lalira, koma phokoso la ochemerera lameza zonse, musakhale chete kudikira. Imirirani, gwedezani manja, lizani mosalekeza mpaka woyimbira atembenuke. Wotchi musaiyambitsenso.

Makochi onse awiri akapempha, imalembedwa kwa amene anayamba, kupatula pamene yaperekedwa chifukwa cha chigoli popanda faulo, apo imapita kwa ogoletsedwawo ngakhale atapempha mochedwa. Time-out ikamatha mufunseni kochi winayo ngati akuifunabe yake.

Papepala la zigoli, pansi pa dzina la timu pali timabokosi: 2 ta chigawo choyamba, 3 ta chachiwiri, ndi ta nthawi yowonjezera. Simuika X, mumalemba mphindi imene ikuseweredwa mu kota imeneyo. Kota ndi mphindi 10. Wotchi ikamasonyeza kuti kwatsala 6:20, ndiye kuti zapita 3:40, tili mu mphindi yachinayi, mulemba 4. Cholembera chofiira ndi cha kota yoyamba ndi yachitatu, chabuluu kapena chakuda ndi cha yachiwiri, yachinayi ndi nthawi yowonjezera, ndipo mtunduwo ndi umene umauza wowerenga kuti 4 ameneyu ndi wa kota iti. Chigawo chikatha, kabokosi kosagwiritsidwa ntchito mukadule ndi mizere iwiri yogona. Timu ikamaliza ma time-out ake, wolemba auze woyimbira, woyimbira auze kochi. Musalumphe woyimbira n'kumakuwizana ndi benchi.

Osewera olowa pa nthawi ya time-out adzionetse kutebulo asanalowe. Makochi amasintha anthu awiri ali pabenchi pompo osanena, ndipo mumadzazindikira nambala yachilendo itachita kale faulo.

Kochi_Zolozolo:

Zonse zili apo, koma akulu inu mwasiya mbali imene imaphetsa anthu ndewu, mphindi 2 zomaliza za kota yachinayi.

Zitatu za chigawo chachiwiri zija sungazisunge zonse mpaka kumapeto. Wotchi ikafika 2:00 mu kota yachinayi, timu imaloledwa 2 zokha. Amene sanatenge ngakhale imodzi pofika pamenepo, imodzi yapsa, ndipo wolemba adule kabokosi koyamba ndi mizere iwiri nthawi yomweyo, asadikire kutha kwa masewero. Akapanda kudula, kochi adzaona timabokosi 3 topanda kanthu n'kupempha yachitatu patatsala masekondi 8, ndipo pamenepo palibe amene adzamve zofotokoza. Amene anatenga imodzi kale, zotsala zake 2 zili bwinobwino.

Mu mphindi 2 zimenezi, ndi mu mphindi 2 zomaliza za nthawi yowonjezera, wotchi imaima chigoli chilichonse chikalowa. Makochi ambiri amaona wotchi yaima n'kuganiza kuti khomo latseguka kwa onse. Ayi. Timu imene yagoletsa siipatsidwa time-out pamenepo, pokhapokha woyimbira atayimitsa masewero pa chifukwa china. A patebulo musalize belu ngakhale kochiyo akupsa mtima chotani.

Tsono time-out ya timu imene ili ndi mpira m'theka lake la kumbuyo la bwalo mu nthawi imeneyi ili ndi mphatso. Kochi amasankha kuyambira kumbuyo komweko kapena kupita kutsogolo, pa kamzere ka throw-in, koponyera mpira kuchokera kunja, kamene kali mamita 8.325 kuchokera kumzere wakumapeto, molunjikana ndi pamwamba pa mzere wa mapointi 3. Kusankhaku kunabwera ndi malamulo a 2018. Kale mpira unkangopita kutsogolo. Time-out ikatha woyimbira wamkulu amafunsa, kochi anene mokweza ndi kuloza ndi dzanja, ndipo akanena wanena, sabweza. Kochi winayo auzidwe asanayambe. Mabwalo ambiri akuno alibe kamzere kameneka, ndiye aphunzitsi tengani tepi yoyezera ndi choko kapena penti m'mawa wa tsikulo. Kamzereko ndi ka masentimita 15, kunja kwa mzere wa m'mbali.

Kupita kutsogolo kuli ndi mtengo wake pa wotchi ya 24, yowerenga masekondi amene timu ili nawo kuti iyese kugoletsa. Mukalandira mpira mwatsopano, monga pambuyo pogoletsedwa, kutsogolo mupatsidwa masekondi 14, kumbuyo 24. Ngati mpira unali wanu kale ndipo wangotuluka, kutsogolo wotchi itsitsidwa kufika 14 ikakhala kuti inali pamwamba pake, ndipo ikakhala 13 kapena kutsika ipitirira pomwepo. Ndiye wotsogola ndi mapointi ochepa amene akufuna kudya nthawi nthawi zambiri amasankha kumbuyo, ngakhale akumana ndi lamulo la masekondi 8 owolotsera mpira pakati pa bwalo ndi kupanikizidwa bwalo lonse. Wotsalira amene watsala ndi masekondi 5 alibe chosankha, apite kutsogolo. Komwe kulibe wotchi ya 24 lamuloli limakondera wotsogola, chifukwa amapita kutsogolo osalipira kanthu. Okonza mpikisano aganizirepo, ngakhale kuika munthu ndi foni yachitatu wowerenga mokweza masekondi 10 omaliza.

Chisokonezo chambiri chimachokera pa TV. Ku NBA timu ili ndi ma time-out 7 a masekondi 75, ndipo wosewera amene wagwira mpira akhoza kupempha yekha mpira uli wamoyo. Anyamata athu amaonera zimenezo usiku, kukacha akapanikizidwa pakona amapanga T ndi manja n'kuima. Mwa FIBA woyimbira sayankha, amangopitiriza kuwerenga masekondi 5 amene wosewera wopanikizidwa amaloledwa kugwira mpira, ndipo mpira upita kwa anzawo. Ku America kupempha ulibe yotsala ndi technical. Chris Webber anachita zimenezo mu fainolo ya NCAA, mpikisano wa makoleji, ya 1993, Michigan ikutsalira 73-71 kwa North Carolina patatsala masekondi 11, ndipo anagonja 77-71. Kuno zotere sizingachitike mwanjira imeneyo, chifukwa pempho limadutsa patebulo, ndipo tebulo likaona kuti zatha sililiza belu.

Dandaulo la makochi kwa oyimbira ndi limodzi. Mphindi imeneyi ndi yochepa kale. Osewera afike pabenchi, amwe madzi, apume, zolankhula zenizeni zimakwana mwina theka la mphindiyo. Woyimbira amene amayamba kuomba m'manja ndi kukuwa kuti tiyeni belu la pa 50 lisanalire nayenso akuphwanya lamulo lomwelo, kungoti iye palibe womuimbira technical.

Mphunzitsi_Chiputula:

Zikomo kwambiri nonse, pepala lija likhala awiri tsopano. Zatsala zinayi. Kochi akapempha woponya free throw atalandira kale mpira, zikhala bwanji? Mwana akavulala, kochi n'kutenga time-out, mwanayo angapitirize? Technical yochedwetsa ija ilembedwa C kapena B? Ndipo poti Mzuzu ndi Mzuzu, kamvula kakawaza tikaima kuti tipukute bwalo, imeneyo ndi time-out ya yani?

Wezulo_wa_Luwinga:

A Kochi, za kuomba m'manja msanga mwanena zoona, palibe chotsutsa.

Aphunzitsi, woponya akalandira mpira wa free throw yoyamba khomo latsekeka, ndipo pakati pa yoyamba ndi yachiwiri palibe time-out. Pempho lidikire. Yomaliza ikalowa, belu lilire, time-out iperekedwe kwa timu iliyonse imene inapempha. Yomaliza ikaphonya mpira n'kukhala wamoyo, masewero apitirira ndipo kochi adikirabe. Koma ngati pambuyo pa ma free throw pakubwera throw-in, monga zimakhalira pa unsportsmanlike, faulo yosemphana ndi mzimu wa masewero, time-out iperekedwa yomalizayo ilowe kapena iphonye. Pakachitika faulo ina pakati pa ma free throw, malizani oyambawo kaye, kenako time-out, kenako chilango chatsopanocho.

Wovulala amene sangapitirize pa masekondi pafupifupi 15, kapena amene walandira chithandizo, ayenera kutuluka. Chimodzimodzi wotuluka magazi. Koma timu iliyonse, yake kapena inayo, ikatenga time-out pa kuima komweko ndipo iye n'kuchira mkati mwake, belu lomusintha lisanalire, akhoza kupitiriza. Dongosolo lake ndi lofunika: belu la kusintha likayamba kulira, time-out yobwera pambuyo siimubweza. Kwa wa magazi, magaziwo akhale atasiya ndipo bala litamangidwa bwino. Ndi ana asukulu, ngati wagunda mutu, za malamulozi zisiyeni, akhale pansi.

Technical yochedwetsa ilembedwa B, ndi kanambala 1 pambali kosonyeza free throw imodzi. C ndi ya khalidwe la kochi mwini wake, monga kutukwana woyimbira. Kusiyanaku kuli ndi ntchito, chifukwa kochi amatulutsidwa akakhala ndi ma C 2, kapena ma technical 3, kaya onse ndi a B kapena imodzi mwa itatuyo ndi C. Zonsezi siziwerengedwa pa mafaulo a timu a mu kota.

Kupukuta bwalo si time-out ya wina aliyense. Woyimbira ndiye wayimitsa, palibe cholemba m'timabokosi, ndipo kulibe mphindi imodzi, mumayamba pamene simenti yauma moti mwana sangaterereke. Kungoti poti mpira wafa ndipo wotchi yaima, khomo latseguka kwa onse. Kochi amene anali atapempha kale mvula isanagwe mumufunse ngati akuifunabe musanalize belu.

Ziwiri zina zimene simunafunse. Time-out siiperekedwa kota isanayambe kapena itatha. Kochi sangalumikize mphindi yake ku mphindi 2 zopuma za pakati pa makota. Ndipo timu ikachedwa kubwera kuchokera kopuma kwa pakati, kumene mwalamulo ndi mphindi 15, imadulidwa time-out, koma imeneyo siikhala ya mphindi imodzi. Ilembedwa papepala, masewero n'kuyamba nthawi yomweyo. Kupanda kutero ndiye kuti mwalipira wochedwa ndi nthawi ina yowonjezera.

Mdala_wa_Katoto:

Anawo mukadzawakhazika pansi muwauzeko za Munich 1972, kuti adziwe kulemera kwa belu limene agwiralo. Fainolo ya Olympics, United States ndi Soviet Union. Patatsala masekondi 3 Doug Collins analowetsa ma free throw 2, America n'kutsogola 50-49, koma hutala ya patebulo inalira iye ali mkati moponya yachiwiri. A Soviet ankati anapempha time-out ndipo sanapatsidwe. Masewero anaimitsidwa, William Jones, mlembi wamkulu wa FIBA panthawiyo, analowererapo kuti wotchi ibwerere pa masekondi 3. Anayambanso wotchi isanakonzedwe, hutala inalira, a America n'kuyamba kusangalala. Kachitatu Ivan Edeshko anaponya mpira bwalo lonse kwa Alexander Belov, amene anagoletsa, 51-50. A America anakana kulandira mendulo zasiliva. Gwero la zonsezo linali pempho limodzi la time-out limene silinayende bwino pakati pa benchi, tebulo ndi oyimbira.

Wina akadzati waona masewero a FIBA pa TV time-out ikupitirira mphindi, sakunama. Buku la malamulo lili ndi gawo la ma time-out a otsatsa malonda, amene okonza mpikisano angawaike pa masekondi 60, 75, 90 kapena 100. Chizindikiro chake ndi mikono yotambasulira m'mbali, zibakera zitafumbatwa. Ku masewero a masukulu opanda kamera zimenezo sizikukhudzani.

Ngati tsiku lomwelo mudzakhalanso ndi 3x3, a patebulo asinthe mutu. Kumeneko timu ili ndi time-out imodzi ya masekondi 30, ndipo amapempha ndi wosewera mpira ukafa, poti kochi saloledwa kulangiza masewero ali mkati.

NyaTebulo:

Adada a ku Katoto andikumbutsa china. Mipikisano ya tsiku limodzi, matimu 12 bwalo limodzi, okonza amakonda kufupikitsa: wotchi yosaima, makota a mphindi 8, time-out imodzi pa chigawo, nthawi zina ya masekondi 30. Ndi zololeka pa masewero otere ngati zalembedwa m'malamulo a mpikisanowo ndipo makochi onse auzidwa pamsonkhano wa m'mawa, osati kutulukira masana dzuwa litapendeka. Pepalalo linene zinthu zitatu momveka: ma time-out ndi angati, ndi a masekondi angati, ndipo wotchi ya masewero iima pa nthawi ya time-out kapena ayi. Chachitatuchi ndi chimene chimaiwalika. Wotchi ikamayendabe, timu yotsogola imatenga time-out patatsala masekondi 50 n'kupambana itakhala pabenchi. Ngakhale pa wotchi yosaima, time-out iziimitsa wotchi. Mukafupikitsa kufika masekondi 30, belu loyamba lilire pa 20. Pepalalo limatidwe patebulo ndi selotepi, lina lipite kubenchi iliyonse.